Odwala Ndi Ambiri, Nanga Ndalama Zikulowera Kuti?

Makalata amene tasankha mwezi uno achokera kwa anthu amene anaphunzira ntchito yochiza odwala, kenaka anatsegula zipatala zawozawo zing'onozing'ono n'kupeza kuti kusukulu sanaphunzitsidwe kuwerengera ndalama, kuoda mankhwala kapena kuyang'anira antchito. Mayina awo tawabisa monga mwa nthawi zonse, ndipo makalata ena tawafupikitsa. Ndakhala ndikusunga mabuku a ndalama m'zipatala zotere kwa zaka zambiri, choncho ndiyankha malinga ndi zimene ndaona ndi maso anga.

FUNSO: Ndinatsegula kiliniki yanga zaka ziwiri zapitazo. Patsiku timaona odwala pafupifupi 40, ndipo ena a iwo amalipiriridwa ndi inshulansi kapena makampani amene amagwirako ntchito. Chodabwitsa n'chakuti mwezi ukamatha ndimasowa ndalama zolipira antchito, ndipo amene amatigulitsa mankhwala ayamba kukana kutipatsa pangongole. Kodi ndikulakwitsa pati? (Dokotala wothedwa nzeru)

YANKHO: A dokotala, choyamba mulimbe mtima, chifukwa chinthu chovuta kwambiri kuchipeza pa ntchito imeneyi muli nacho kale, chomwe ndi chikhulupiriro cha anthu amene amadzaza pakhonde panu m'mawa uliwonse. Zimene zikusowazo n'zophunzirika.

Ndikufunseni funso limene eni zipatala ambiri amalizemba. Kodi inuyo mumalandira malipiro okhazikika mwezi uliwonse, kapena mumangotapa m'kabati ya ndalama mukafuna? Tsiku lina ndinaitanidwa pachipatala china kuti ndikafufuze chimene chinkadya ndalama, ndipo nditatsegula kabati ya wolandira ndalama ndinapezamo mulu wa timapepala tomangidwa ndi labala, kalikonse kolembedwa ndi dzanja la mwini chipatala kuti "ndatenga za mafuta a galimoto," "ndatenga za sukulu ya mwana," "ndibweza mawa." Panalibe kapepala ngakhale kamodzi kamene kanalowa m'mabuku, ndipo titawonkhetsa tonse tinapeza kuti ndalamazo zikanakwana kulipira namwino ndi woyeza magazi mwezi umenewo. Mwini wakeyo sanali wakuba ayi, ankangoona kuti popeza chipatala n'chake, ndalamanso n'zake. Koma ndalama imene wodwala wapereka imafika ili kale ndi eni ake amene akuidikira, omwe ndi mwini nyumba, antchito, ogulitsa mankhwala ndi a msonkho. Tsegulani akaunti ya chipatala kubanki yosiyana ndi yanu, dziikireni malipiro amene chipatala chingakwanitse, ndipo muziwalandira tsiku limodzi ndi antchito anu, osati kutapa pang'onopang'ono mwezi wonse.

Chachiwiri, ndipo ndikuganiza kuti apa ndi pamene pagona vuto lanu lalikulu, ndi kusiyana kwa phindu la papepala ndi ndalama za m'manja. Tiyerekeze ndi manambala ongosonyeza kawerengedwe, osati a ndalama za dziko lililonse. Tinene kuti wodwala aliyense amalipira 100, ndipo pa ndalama imeneyi 45 imapita ku mankhwala, magolovesi, thonje ndi zoyezera zimene zagwira ntchito pa iyeyo, kutsala 55. Tinenenso kuti lendi, malipiro, magetsi, madzi ndi ziphaso zimadya 44,000 pamwezi, kaya odwala abwera kaya sanabwere. Kuti mungobweza zimenezi mukufunika odwala 800 pamwezi, kapena kuti pafupifupi 31 patsiku ngati mumatsegula masiku 26. Inu mumaona 40 patsiku, omwe ndi 1,040 pamwezi, choncho papepala mwapanga 104,000, mwawononga 90,800, ndipo phindu lanu ndi 13,200. Tsopano tiyerekeze kuti odwala 30 pa 100 alionse ndi a inshulansi ndi makampani, ndipo mwezi umenewo sanakulipireni. Ndalama zokwana 31,200 zili m'mabuku koma m'manja mulibe, mwalandira 72,800 zokha pamene mukufunika kutulutsa 90,800, ndiye kuti mukusowa 18,000 ngakhale kuti chipatala chapindula. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo, ndipo ngongole za inshulansi ndi fodya wapachala kufikira tsiku limene zalowa kubanki.

Chofunika kuchita apa si chapatali. Pakhale munthu mmodzi amene ntchito yake ndi kutumiza mapepala oitanitsira malipiro mlungu uliwonse, osadikira kutha kwa mwezi, ndipo wodwala asanatuluke aonetsetse kuti nambala ya khadi lake, siginecha yake, tsiku ndi nambala yoimira matenda ake zalembedwa molondola, pakuti mapepala ambiri amabwezedwa chifukwa cha tizolakwa tating'ono totere. Pepala likabwezedwa likonzedwe mlungu womwewo. Komanso mwezi uliwonse muzikhala ndi mndandanda wa onse amene ali nanu ngongole, wogawidwa m'magulu a masiku 30, 60 ndi 90, chifukwa ngongole ikamakalamba imavutiravutira kutolera. Kampani imene yapyola masiku 90 muilembere kalata yaulemu yoidziwitsa kuti antchito ake ayamba kulipira okha, kupatula amene abwera ali kayakaya, mpaka itabweza zakale.

Ngati mulibe wowerengera ndalama, pezani wobwera ngakhale kamodzi pamwezi. Njira yolemba ndalama mbali ziwiri, kumene yachokera ndi kumene yapita, inafotokozedwa ndi katswiri wa masamu Luca Pacioli m'buku limene linasindikizidwa ku Venice m'dziko la Italy mu 1494, ndipo amalonda akumeneko anali akuigwiritsa kale ntchito. Munthu amene anakwanitsa kuloweza mitsempha yonse ya m'thupi sangalephere kuimvetsa pa masabata ochepa, ndipo ndikukulimbikitsani kuti muziwerenga nokha zimene wowerengera ndalamayo walemba, osangosainira.

FUNSO: Ndine namwino ndipo ndimayendetsa chipatala chaching'ono pamodzi ndi mnzanga. Pakangopita miyezi ingapo timataya mankhwala otha mphamvu, pamene ena ofunika kwambiri amatithera mwadzidzidzi wodwala ali kale pabedi. Tingatani? (Mayi namwino)

YANKHO: Mayi, mavuto awiri mwatchulawa amachokera pa muzu umodzi, womwe ndi kuoda mongoganizira. Botolo lililonse limene lili pashelefu ndi ndalama zimene zagona tulo, ndipo tsiku limene lasindikizidwa pambali pake likafika, ndalamazo sizidzukanso.

Yambani ndi khadi la sitoko pa mankhwala a mtundu uliwonse, losonyeza tsiku, kuchuluka kwa amene alowa, amene atuluka, amene atsala, ndi tsiku lotha mphamvu. Kompyuta ikhoza kugwira ntchito imeneyi, koma khadi lapepala lolembedwa mokhulupirika limaposa kompyuta imene anthu amaiwala kulowetsamo. Pakatha miyezi itatu makhadiwo adzakuuzani kuti mtundu uliwonse mumagwiritsa ntchito wochuluka bwanji pamwezi, ndipo mukatero mudzadziwa nthawi yooda. Ngati mankhwala ena mumamaliza mabotolo 30 pamwezi, ndipo ogulitsa amatenga masabata awiri kuti abweretse, ndiye kuti podikirapo mudzagwiritsa ntchito 15. Onjezanipo 15 ena oyembekezera kuchedwa kwa katundu kapena kuchuluka kwa odwala, ndipo lembani pakhadipo ndi cholembera chofiira kuti akatsala 30 muode. Mukachita zimenezi, ngakhale wantchito watsopano adzadziwa chochita inu kulibe.

Poika pashelefu, kutsogolo kukhale amene athe mphamvu msanga, osati amene anafika koyamba, chifukwa katoni imene yafika lero ikhoza kukhala ndi tsiku lapafupi kuposa imene inafika mwezi watha. Ndinaonapo wantchito wakhama akutsitsa katundu watsopano n'kumusanja kutsogolo mwaudongo, kumbuyo kwake kuli mabokosi atatu a mankhwala a madzi a ana amene anatsala ndi masabata asanu ndi limodzi, ndipo palibe amene anawaona mpaka tsiku lowerengera sitoko. Mankhwala amene atsala ndi miyezi itatu muziwaika chizindikiro, n'kufunsa ogulitsa ngati angawasinthe. Chenjeraninso ndi wogulitsa amene akutsitsa mtengo mukagula ambiri, ndipo musanavomere muone tsiku lotha mphamvu n'kuliyerekeza ndi zimene khadi lanu likunena.

Ndalama zikachepa, musadule mankhwala onse mofanana. Agaweni m'magulu atatu: opulumutsa moyo amene sayenera kusowa ngakhale tsiku limodzi, ofunika pa matenda amene mumaona kawirikawiri, ndi ena amene wodwala angakagule kwina popanda chiopsezo. Mndandanda wa mankhwala ofunikira umene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linayamba kutulutsa mu 1977, pamodzi ndi mndandanda wa dziko lanu, udzakuthandizani kusankha. Za firiji mukuzidziwa kuposa ine, koma ndikumbutse mbali ya ndalama. Insulin ya odwala shuga, oxytocin yothandiza amayi pobereka, ndi katemera wambiri amasungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo usiku umodzi wopanda magetsi ukhoza kuwononga katundu wa ndalama zambiri kuposa zimene mukanagulira choyezera kutentha ndi mabokosi osunga kuzizira. Lembani kutentha kwa firiji m'mawa ndi madzulo. Amene atha kale mphamvu musawapereke kwa wodwala ngakhale mutataya zochuluka bwanji, koma muwapatule, muwalembe m'buku, ndipo muwataye motsata malamulo.

FUNSO: Ndinalemba mlamu wanga ntchito yolandira ndalama chifukwa ndinkafuna munthu womukhulupirira. Iye ndi amene amalemba malisiti, kusunga ndalama ndi kukaziika kubanki. Tsopano ndikuona kuti ndalama sizikugwirizana ndi kuchuluka kwa odwala, koma ndikuopa kumufunsa kuopera kusokoneza banja. (Bambo wodandaula)

YANKHO: Bambo, khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo ndikumvetsa chifukwa chimene mukuopera kuponya mwala. Komabe ndikupempheni kuti musathamangire kuweruza mlamu wanu, popeza kusiyana kwa ndalamako kukhoza kuchokeranso ku odwala amene amaloledwa kupita osalipira, ku ngongole zosalembedwa, kapena ku zimene inu eni mumatenga.

Cholakwika chimene ndikuchiona poyera n'chakuti ntchito zitatu mwazisenzetsa munthu mmodzi. Katswiri wa ku America wofufuza za milandu, Donald Cressey, atacheza ndi akaidi amene anamangidwa chifukwa chodya ndalama zimene anasungitsidwa, analemba mu 1953 kuti zinthu zitatu zimakumana munthu wokhulupirika asanagwe: vuto la ndalama limene akuchita nalo manyazi kuuza ena, mpata wotenga popanda womuona, ndi mawu odzitonthoza nawo mumtima, monga akuti akungobwereka ndipo adzabweza. Pa zitatuzi, chimene chili m'manja mwanu ndi mpata. Wolembetsa odwala pakhomo akhale wina, wolandira ndalama akhale wina, ndipo woyerekeza zimene zalowa kubanki ndi zimene zili m'mabuku akhale inuyo kapena wowerengera ndalama wanu. Malisiti akhale a manambala otsatizana, lisiti lolakwika lisang'ambidwe koma lidulidwe mzere n'kutsala m'buku, ndipo madzulo alionse anthu awiri aziwerenga ndalama pamodzi, n'kuyerekeza ndi kaundula wa odwala ndiponso mankhwala amene atuluka kufamase. Ndalama za tsiku zipite kubanki zonse zathunthu, ndipo zogulira tinthu ting'onoting'ono zikhale ndi thumba lapadera lokhala ndi buku lake. Kulimbikitsa odwala kulipira pafoni kapena pakhadi la kubanki kumachepetsanso ndalama zodutsa m'manja. Wolandira ndalama azipita kutchuthi chaka chilichonse, wina n'kugwirizira ntchito yake, pakuti zobisika zambiri zimaululika nthawi imeneyo.

Dongosolo limeneli mulibweretse pamsonkhano wa antchito onse ngati lamulo latsopano la chipatala limene likukhudzanso inuyo, osati ngati msampha wa munthu mmodzi. Ngati mlamu wanu ndi wosalakwa, malisiti ndi amene adzamuyeretse, ndipo adzagona tulo tabwino podziwa kuti palibe amene angamunamizire. Ngati manambala asonyeza kuti pali chimene chinkachitika, mudzakhala naye pansi muli ndi mapepala m'manja, osati mphekesera.

FUNSO: Odwala akudandaula kuti amadikira nthawi yaitali, ndipo ena amabwerera asanaonedwe. Kodi ndilembe dokotala wachiwiri? (Mwini kiliniki)

YANKHO: A bwana, musanalembe munthu wina, tengani sabata imodzi muzilemba nthawi imene wodwala aliyense wafika, imene walembetsa, imene walowa kwa dokotala, ndi imene watuluka ndi mankhwala. Kawirikawiri mudzapeza kuti mzere sukuchedwa m'chipinda cha dokotala, koma pofunafuna fayilo yosowa, podikira zotsatira za kulabotale, kapena chifukwa dokotala amafika ola lathunthu chitseko chitatsegulidwa kale. Chipatala cha Virginia Mason ku Seattle m'dziko la America chinayamba mu 2002 kutengera njira za kampani ya magalimoto ya Toyota, ndipo phata la njirazo ndi lomweli, kutsatira wodwala phazi ndi phazi n'kuchotsa chilichonse chimene chimamudikiritsa popanda kumuthandiza. Mafayilo akhale ndi nambala imodzi pa wodwala aliyense moyo wake wonse, monga mmene Dr Henry Plummer anayambitsira kuchipatala cha Mayo Clinic ku America mu 1907. Namwino aziyeza kutentha kwa thupi, sikelo ndi kuthamanga kwa magazi wodwala asanalowe, ndipo odwala kwambiri aziwapititsa patsogolo. Amene amabwera kudzapimidwa mwezi ndi mwezi, monga a shuga, muziwapatsa nthawi ya masana pamene pakhonde papepuka. Ngati mumapangana nthawi ndi odwala, musawaitane onse m'mawa. Katswiri wa masamu Norman Bailey anasonyeza mu 1952 kuti ndi bwino kuitana awiri poyambirira, kenaka mmodzimmodzi motalikirana ndi nthawi imene dokotala amatenga pa wodwala mmodzi. Mzere ukapitirira kutalika zonsezi zitachitika, pamenepo werengerani ngati odwala obwererawo angakwanitse kulipira malipiro a dokotala wachiwiri.

FUNSO: Ndangotsegula kumene, ndipo anzanga akundiuza kuti phindu lili pa mankhwala, choncho wodwala aliyense azituluka atabayidwa jakisoni ndi kupatsidwa maantibayotiki, apo ayi adzaona ngati sindinamuthandize. Mtima wanga ukukana. Komanso kumabwera anthu amene alibe ndalama ndipo sindingathe kuwabweza. Kodi n'zotheka kuchita bizinesi imeneyi popanda kugulitsa chikumbumtima? (Dokotala wachinyamata)

YANKHO: A dokotala, kalata yanu ndi imene yandikhudza kwambiri mwezi uno, ndipo ndikuti mtima wanu ukunena zoona. Lumbiro la madokotala limene linavomerezedwa ku Geneva mu 1948 limaika umoyo wa wodwala patsogolo pa china chilichonse, ndipo silisiya kugwira ntchito tsiku limene mwapachika chikwangwani chanu. Chimfine chimayamba ndi mavairasi, maantibayotiki sachiza, ndipo kuwapereka pachabe kumangophunzitsa tizilombo kupirira mankhwala amene mwana wa wodwala yemweyo adzawafune tsiku lina atadwala chibayo. N'chifukwa chake WHO mu 2017 inagawa maantibayotiki m'magulu atatu, n'kupatula ena kuti azisungidwira matenda amene akana mankhwala ena onse.

Koma anzanuwo akuloza vuto lenileni, ngakhale yankho lawo lili lolakwika. Eni zipatala ambiri amatsitsa kwambiri mtengo woonana ndi dokotala pofuna kukopa anthu, kenaka amakakamizika kubweza ndalamazo kudzera pa mankhwala ndi zoyeza zosafunika. M'zaka zimene ndagwira ntchitoyi ndaona kuti dokotala amene sakudziwa ndalama zimene chipatala chake chimadya ndi amene amagwa msanga m'chiyeso chimenechi, chifukwa lendi ikayandikira amachita mantha, ndipo mantha amenewo amalowa m'cholembera. Werengerani monga ndasonyezera m'yankho loyamba, ikani mtengo woona wa nthawi yanu ndi luso lanu, upachikeni poonekera, ndipo mukatero mudzatha kuuza wodwala kuti lero safunika jakisoni popanda kuopa kuti simudya. Muzimufotokozera chifukwa chake, mumuuze zizindikiro zimene ayenera kubwerera nazo msanga, ndipo akabwera kudzaonedwanso pa vuto lomwelo m'masiku ochepa mungathe kumuona osamulipiritsanso. Antchito anunso musawalipire potengera kuchuluka kwa mankhwala kapena zoyeza zimene alemba. Ku Mayo Clinic madokotala amalandira malipiro okhazikika, ndipo chimodzi mwa zolinga zake n'chakuti thumba la dokotala lisamalankhule nawo posankha chithandizo.

Za osauka, pali chitsanzo chimene ndimachikonda. Mu 1976 Dr Govindappa Venkataswamy, atapuma pa ntchito ya boma, anatsegula chipatala cha maso cha Aravind ku Madurai m'dziko la India ndi mabedi 11 okha. Odwala amene angathe amalipira, ndipo ndalama zawo zimathandiza kuti ena ambiri achitidwe opaleshoni ya ng'ala kwaulere kapena pa mtengo wotsika kwambiri. Chimene chinatheketsa zimenezi ndi dongosolo lokhwima, monga kukonzeratu wodwala wotsatira pabedi lachiwiri pamene dokotala akumaliza woyamba, komanso fakitale yawo ya Aurolab imene anatsegula mu 1992 kuti azipanga okha timagalasi toika m'diso. Inu simuli pa msinkhu umenewo, koma mungayambe ndi chinthu chimodzi. Sankhani gawo la ndalama za mwezi limene chipatala chingapereke popanda kulephera kulipira antchito, kaya ndi 3 kapena 5 pa 100 iliyonse, ndipo mutsegule buku lapadera lolembamo aliyense amene wathandizidwa kwaulere kapena mochotsera, ndi mtengo wa zimene walandira, kuphatikizapo achibale ndi anzanu. Wobwera ali kayakaya athandizidwe kaye, za ndalama zikambidwe pambuyo. Gawo la mweziwo likatha, amene angathe kudikira muwalembere kalata yowatumiza kuchipatala chimene angathandizidwe mosalipira kapena motsika mtengo, ndipo muimbe foni kumeneko kuti akawalandire. Pakutha pa miyezi isanu ndi umodzi, tengani bukulo mukhale pansi ndi wowerengera ndalama wanu, muone ngati gawolo lingakwezedwe.